Ndinatsanzika Kalata Isanabwere

Teremu yachitatu ikamatha, mphunzitsi wa kumudzi sakhazikika. Ana amakhala atatopa, choko chatha, mphepo ya Julaye ikulowa m'mawindo opanda magalasi, ndipo aliyense maso ali pa foni. Chaka chimene ndikunenachi, ine ndinaposa onse. Ndinali nditaphunzitsa zaka zisanu ndi chimodzi pa sukulu ina ya pulayimale kuseri kwa Kabudula, kumene minibasi sifika, pamene mwana wanga wamkazi ankakulira ku Namitete ndi bambo ake. Mwanayo ali ndi mphumu. Ndinayesapo kukhala naye kusukuluko ali wamng'ono, koma tsiku lina anabanika mtsinje utadzaza, njinga yamoto osawoloka, ndipo tinafika naye kuchipatala ali lefu. Bambo ake, omwe ndi kalipentala pa Namitete, ananena kuti mwana akhale pafupi ndi chipatala, ine sindinatsutse. Ndinkamuona pa holide ndi kumapeto a mwezi basi. Tsopano anali atakwana zaka zoyamba sukulu, ndipo ine ndinali nditatopa nako kulera mwana pa foni.

Kusamuka kwa mphunzitsi si chinthu chapafupi. Ukangopempha, amakufunsa kuti ana awa uwasiyira yani. Njira yachidule ndi kupeza mnzako wofuna kubwera kumene uli, musinthane. Koma ndani wanzeru zake angafune kwathu kuja? Amene anandipezera munthu anali mayi wina wachisilamu wa shopu pa Nsaru, kumene aphunzitsi a zoni zingapo timagula makope, zolembera zofiira ndi sopo. Mayi ameneyu nkhani za aphunzitsi amazidziwa kuposa ofesi, chifukwa tonse timakadandaulira pa kauntala pake.

"Madamu, mwawondatu," anatero tsiku lina akundikulungira sopo. "Ndi za mwana zija, eti? Alipo madamu ena, amaphunzitsa kufupi ndi Namitete, koma kwawo ndi cha ku Nambuma. Amayi awo akalamba, ndiye akufuna kuyandikira kumudzi. Ndikupatseni nambala?"

Ndinatsala pang'ono kulumpha kauntala. Sabata yomweyo tinakumana pa khonde la shopuyo ine ndi madamu aja, munthu wofatsa, wolankhula motsitsa. Tinalemba makalata, mahedi athu anasayina, ndipo mlangizi wa maphunziro wa zoni yathu anawaika m'chikwama chake nati, "Izi n'zosavuta, poti nonse mwagwirizana. Ingodikirani kalata."

Kudikirako ndiye kunandipenga. Pasukulu pathu netiweki imagwira pamalo amodzi okha, pa chulu kuseri kwa Sitandade 5. Pa buleki ndinkakwera pachulupo, pa kuweruka ndinkakweranso, mpaka ana anayamba kunena kuti madamu akusaka inswa nyengo yake isanakwane. Pa gulu la WhatsApp la aphunzitsi a m'zoni nkhani zinkangogwa ngati mango. Mayeso a zoni ayamba Lolemba, aphunzitsi asinthane masukulu poyang'anira. Kuchonga kuchitikira pamodzi, aliyense abwere ndi cholembera chake. Sukulu yakuti mphepo yasasula denga. Ahedi akuti akupuma pa ntchito, ofuna kusonkha alembetse. Winanso ankangotumiza mapemphero a m'mawa ataliatali, n'kumatidyera bandulo. Zonsezi ndinkaziwerenga ndi chala chothamanga, kufunafuna dzina langa, osalipeza.

Ntchito ndinkagwira, sindinama, koma mtima unali utapita kale. Ndinakayang'anira mayeso pa sukulu yoyandikana nayo, n'kudzapezeka kuti ndalemba pa bolodi nthawi yomalizira yolakwika, mpaka mtsikana wina wakutsogolo anachita kundikonza. Ndinaperekeza timu yathu ya netibolo ku ndime yomaliza ya masewero a zoni. Atsikana anga anasewera opanda nsapato pa bwalo la miyala, napambana, amayi a m'midzi n'kulowa m'bwalo ndi nthungululu. Ine pamenepo n'kuti ndikuzungulira kufuna mlangizi uja. Atandiona patali anakweza manja.

"Madamu, sinabwere. Ikabwera, mudzakhala woyamba kumva. Tapitani mukasangalale ndi ana anu, awinatu."

Kulakwa kwanga kunayambira pa munda. Wapampando wa gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulupo, mayi wamkulu thupi komanso mawu, ankandibwereka kamunda chaka ndi chaka kuti ndizilima mtedza. Tsiku lina anandipeza pa mjigo nandifunsa ngati andisungirenso kamundako. Ndikanangoti inde. Koma chimwemwe chosunga wekha chimayabwa, ndipo ndinalephera.

"Chaka chino ayi, amayi. Ndikusamuka. Koma chonde musauze munthu, kalata sinafike."

"Ine? Pakamwa panga ndi potseka, madamu."

M'mawa mwake mwana wa Sitandade 2 anandifunsa ngati galu wanga ndipita naye. Pofika Lachisanu, mphunzitsi mnzathu amene ankachita lendi kachipinda kumudzi ndi mkazi ndi ana atatu anayamba kudutsa pa nyumba yanga pafupipafupi, akuyeza mawindo ndi maso. Nyumba za aphunzitsi zinalipo zitatu zokha, ndiye sindikanamuda. Ahedi anandiitana nati popeza ndikuchoka, nyumbayo ndi bwino aipereke sukulu isanatsekere, kuti mnzathuyo asamuke pa holide. Ndinkadziwa kuti kalata sinabwere. Ndinavomera ndithu, poganiza kuti kukana kukhala ngati kudzitsekera mwayi ndekha.

Kumudzi kuja munthu amene wakhala nanu zaka sachoka ngati wakuba. Amayenera kutsanzikidwa pagulu, ndipo palibe gulu loposa la tsiku lotsekera sukulu. Tinakhala pansi pa mitengo ya mango, ana kutsogolo, makolo kumbuyo, akomiti ya sukulu pa mabenchi. Aphunzitsi tinayamba kulengeza zotsatira, kalasi ndi kalasi, kuyambira nambala wani. Mwana akatchulidwa, amayi ake ankathamanga n'kumunyamula juu, ngakhale wamkulu wa miyendo yofika pansi. Amene sanatchulidwe ankangojambula pansi ndi kamtengo. Mwambo umenewu unkandipweteka chaka chilichonse, koma tsiku limenelo ndinawerenga mayina mothamanga ngati kondakitala.

Titamaliza, ndinamva nyimbo ikuchokera kuseri kwa ofesi. Anali amayi a gulu loyang'anira atsikana lija, atamanga zitenje zofanana, wapampando ali patsogolo ndi nkhuku m'khwapa. Ena anasenza mtedza m'lichero, wina mphasa yatsopano, wina ndowa, gogo wina dzungu limodzi lokha. Anandizungulira akuvina, nandimanga chitenje m'chiuno, fumbi lili koboo. Ndinalira, chifukwa anthu amenewa ndinkawakonda, ndipo sindinkadziwa kuti amandiwerengera chotero.

Kenaka ahedi anati ndilankhulepo. Zolankhula za munthu wochoka aliyense amazidziwa: uthokoze, upepese ngati unalakwira wina, ukhale pansi. Ndinayamba bwinobwino. Koma nditaponya maso pa benchi, ndinaona wapampando wa komiti akusinza, chipewa chili pa bondo, ndipo zonse zimene ndinameza zaka zisanu ndi chimodzi zinakwera kukhosi. Ndinaganiza kuti mawa lomweli ndikhala ndili ku Namitete, andichita chiyani?

"Ndisanakhale pansi," ndinatero, "ndifunseko. Njerwa zimene makolo awa anaumba kuti timange zimbudzi za atsikana zinapita kuti? Kodi zinamera miyendo? Inunso makolo, nthawi yosankha fodya kalasi imatsala ndi madesiki okhaokha, lero mukudabwa kuti mwana sanatchulidwe. Mumafuna akhoze mayeso a chiyani, a fodya?"

Wapampando wa komiti anadzuka bwinobwino, tulo tonse balala. Kumbuyo mayi wina anayamba kuwomba m'manja, ataona kuti ali yekha anasiya. Ahedi anatsokomola napempha kuti titseke ndi pemphero. Ine ndinakhala pansi mtima uli mbee, ndikudziona ngati ngwazi.

M'mawa mwake katundu anakwera ngolo mpaka pamsewu. Ngolo isanatembenuke n'komwe, mkazi wa mnzathu uja anali atalowa kale ndi tsache. Galu ndinawasiyira iwo omwe. Pamsewu ndinapeza kalole kopita ku Nsaru, ndipo masana ndinali pa siteji, matiresi, mapoto, thumba la mtedza ndi nkhuku zomanga miyendo zili mbwee pambali panga. Linali tsiku la msika. Ndinapempha mayi wogulitsa tomato kuti andiyang'anire katundu, ndithamange kukatsanzika ku shopu.

Mayi wa shopu uja atandiona, sanandisekerere monga mwa masiku onse. Anatuluka kuseri kwa kauntala, nakonza mpango wake, nandikokera mpando. Pa zaka zonsezo anali asanandipatsepo mpando.

"Madamu, foni yanu yavuta chiyani? Anzanu aja akhala akukuimbirani kuyambira dzana."

"Inali kotchaja. Kwagwanji?"

"Amayi awo aja agwa, mbali imodzi yafa. Awatengera ku Namitete, ndipo adokotala akuti azibwera nawo pafupipafupi. Ndiye akuti kuchoka pafupi ndi chipatala panopa sangathe. Kalata yawo akaibweza. Anadutsa pano dzulo akulira, akuti sakudziwa kuti akuyang'anani bwanji."

Ndinafuna kukalipa, mawu anali atafika kale pamilomo. Koma ndikanakalipira yani? Chifukwa chimene mnzangayo anakanira kuchoka ku Namitete n'chomwecho chimene ine ndinkafunira kupitako. Ndinangokhala pampandopo, manja ali lende. Mayi uja anandipatsa madzi, kenaka anafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Nanga nyumba mwaisiya bwanji?"

"Alowamo kale ena."

"Kutsanzika mwatsanzika?"

"Ndatsanzika, mayi. Ndatsanzika mopitirira muyeso."

Kubwerera sikukanatheka, ndiye ndinakwera minibasi ndi katundu yense, nkhuku zikulira pansi pa mpando. Pofika kunyumba mwana anali pakhonde. Masiku onse ndinkabwera ndi kachikwama kamodzi, ndiye ataona matiresi ndi mapoto zikutsitsidwa, anaima kaye, kenaka anathamanga kukaitana anzake kuti adzaone. Atabwerera, anangoyamba kututa mapoto mmodzimmodzi kulowetsa m'nyumba. Bambo ake ndinawauza tili awiri kuseri kwa shedi yawo. Anapukusa mutu nati timuuze mwana lero lomwe. Ine ndinati ayi, holide ndi yaitali, ndipeza wina wosinthana naye.

Holide imeneyo sindinakhale pansi. Ndinayenda masukulu a ku Namitete, ndinafika ku Mpingu, ndinalemba pa magulu onse a aphunzitsi amene ndinkawadziwa. Aliyense ankayamba ndi chidwi, koma ndikangotchula kumene kuli sukulu yathu, ankaseka. Wina anandifunsa ngati kumafika magetsi, nditamuyankha anadula foni. Kunyumba ndinali munthu wovuta, wokalipa pa zinthu zazing'ono, ndipo mwana amene ndinkamufunitsitsayo ndinkamuuza kuti tapita ukasewere, ndikuimba foni. Masiku amene ndinali nawo m'manja ndinawathera pa msewu, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Itatsala sabata imodzi ndinaimbira ahedi. Ndinamva kuti akudziletsa kuseka. Anati nyumba sangamutulutsemo mnzathu uja, ndipo ine sindikanafuna kutero. Wapampando wa amayi anali atamva kale, monga mwa nthawi zonse, ndipo anati ali ndi kachipinda kosungira chimanga, akasesa kuti ndizigonamo. Ahedi anawonjezera kuti wapampando wa komiti wapereka moni, akuti madamu abwere msanga, njerwa zija tidzafunefune limodzi. Manyazi amenewo ndinawameza. Chimene chinandikanika kumeza chinali m'nyumba mwanga momwe.

Sukulu zinkatsegulira Lolemba, ndiye ine ndinayenera kunyamuka Lamulungu masana. Loweruka ndinakatenga yunifolomu ya mwana kwa telala. Inali yaitali mwadala kuti akule nayo, ndiye ndinamuimika pa mpando n'kugwada kuti ndipinde m'munsi, singano ili pakamwa. Ndinasankha nthawi imeneyo chifukwa maso anga anali pa nsalu.

"Mawa ndikubwerera kusukulu kuja," ndinatero. "Zosamuka zija zalephereka. Ndizibwera kumapeto a mwezi ngati kale."

Sanalire. Anaima chilili pampandopo, manja atatambasula monga ndinamuuzira, kuopa kubayidwa. Kenaka anafunsa, mawu ake ali bwinobwino, ngati akufunsa za masamu.

"Amayi, kodi ana a kumeneko alibe amayi awo?"

Ndinachotsa singano pakamwa. Ndinamuuza kuti atembenuke, tipinde kumbuyo.