Bafa Langa Lonyezimira Linathyola Apongozi Anga

Inu owerenga, ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Mayani, ndipo apongozi anga lero akuyendera ndodo chifukwa cha ine. Sindinawamenye, sindinawakankhe. Ndinangokonza bafa ndi manja angawa, ndinagwamo ndekha poyamba, kenaka n'kutseka pakamwa. Ndikamaikumbukira nkhaniyi ndimasowa pobisa nkhope, koma ndaona kuti ndiinene, chifukwa amuna odziwa zonse ngati ine tilipo ambiri.

Pakhomo pathu panali mabafa awiri. Lina linali m'nyumba, kachipinda ka simenti yokhakhala imene inada ndi ndere. Lina linali panja kuseri kwa khitchini, la udzu, pansi pake titayala miyala yaphanthiphanthi. Onse awiri anali osaoneka bwino, ndikuvomera, koma munali musanagwepo munthu.

Matenda anga anayamba nditagula foni yatsopano. Ndikaweruka kusukulu ndinkangoti maso tong'o pa makanema a anthu oyala matailosi, ndipo ntchitoyo inkaoneka yofewa ngati kupaka majarini pa buledi. Ndinauza akazi anga, amene nthawiyo anali oyembekezera mwana wathu woyamba, kuti mwanayo adzapeza bafa la m'tauni. Iwo anati tipeze mmisiri. Ine ndinaseka, ndinati munthu wophunzitsa masamu sangalephere kundanditsa tinthu ta makona anayi. Paja akuluakulu amati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ine khomo ndinaika, koma mumva mmene ndinaliikira.

Tchuthi chitafika ndinakwera minibasi kupita ku Boma. M'shopu munali matailosi amitundumitundu, ena okhakhala ooneka ngati dothi, ena osalala. Okhakhalawo ndinawanyoza, ndinati ndathawa kukhakhala kunyumba, ndidzagulenso kukhakhala kuno? Ndinaloza oyera mbee, onyezimira moti ndinadziona mano. Sindinafunse ngati anali a pakhoma kapena a pansi. Kwa ine tailosi linali tailosi, ndipo kufunsa kukanaonetsa ngati sindikudziwa chimene ndikuchita.

Ntchito ndinaigwira, pamenepo ndisadzinamizire. Ndinagumula simenti yakale ndi hamala mpaka manja anatuluka matuza. Ndinabwereka makina odulira matailosi, ndinaswa angapo ndikuphunzira, ndinayala khoma lonse, kenaka pansi. Pansipo ndinasalaza kuti pakhale thyathyathya, chifukwa ndinkaona kuti kupendeka n'kulephera. Sindinaganize kuti madzi amafuna potsetsereka kuti apite kubowo. Chitseko chatsopano ndinachiika chotsegukira m'kati, poti kanjira ka m'nyumbamo n'kopapatiza. Ndinakokanso paipi kuchokera pa thanki n'kumangirira shawa pamwamba, ngakhale aliyense amadziwa kuti ndi kuzizira kwa ku Dedza kuno palibe amene angaime pansi pa madzi a m'thanki. Tinkasambabe madzi ofunda a m'ndowa, shawayo ili pamwamba ngati maluwa.

Woyamba kusambamo ndinali ine, akazi anga atapita kusikelo. Ndinadzithira madzi, ndinadzola sopo, ndikuimba nyimbo ya kwaya. Madzi a sopowo sanapite kubowo, anangodikha pakati. Nditati nditembenuke, miyendo yonse iwiri inachoka nthawi imodzi. Chakomachakoma pusi adagwa chagada. Ndinamenyetsa msana ndi chigongono, ndipo ndinagona pamenepo kanthawi ndikuyang'ana shawa yanga, mpweya utandithawa.

Apa ndi pamene panali tchimo langa, inu owerenga, osati pogula paja. Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti ndamanga msampha. Koma ndinali nditauza kale sukulu yonse, ndi kutchalitchi komwe. Akazi anga atabwera n'kupeza ndikutsimphina, ndinati njinga yandigwetsa pa msewu wa miyala. Anandithowa ndi madzi otentha uku akutukwana njinga yosalakwa. Kuyambira pamenepo ndinkasamba nditagwira paipi ndi dzanja limodzi, zala zakumapazi nditazikunga. Akazi anga ankasamba atakhala pa kampando chifukwa cha mimba, ndiye ndinkadzitonthoza kuti iwo sangagwe. Tsiku lina ananenapo kuti pansipo pakuoneka poterera, ine ndinati n'kusazolowera zinthu zabwino.

Aphunzitsi anzanga anabwera kudzaona, anandiyamikira mpaka mutu unakula. Mmodzi anaseka bafa la udzu lija, anati likunyozetsa nyumba. Mawa lake ndinaligwetsa, udzu n'kuotcha, miyala n'kukaponya kumunda.

Mwana atabadwa, apongozi anga aNachisale anabwera kuchokera ku Mphunzi kudzathandiza chikuta. Mayi amenewa muwadziwe. Amuna awo anamwalira kalekale, koma iwo ankalima okha mbatatesi ndi chimanga m'mbali mwa phiri, ankasenza okha nkhuni, ndipo thumba la nyemba limene tinkadya pakhomo pathu linkachokera m'manja mwao. Sankafuna kuthandizidwa ndi munthu. Ine ndi iwo tinkalemekezana monga mwa mwambo wathu: mkamwini ndi apongozi sayandikana, polankhulana amakhala patali, maso pansi. Ankanditchula kuti bambo, ine ndinkati amayi.

Atafika anafunsa mwana wao kuti bafa la panja lili kuti. Anauzidwa kuti ndinaligwetsa. Anayamba kusamba m'mamawa kuseri kwa khitchini, pamtetete, atatchinga ndi chitenje, chifukwa kwa iwo kuvula m'nyumba mmene muli mkamwini kunali kosayenera. Ine zinandiwawa. Ndinati anthu adzati mphunzitsi akusambitsa apongozi ake pabwalo. Koma zoona zake n'zakuti ndinkafuna andiyamikire. Ndinakakamiza akazi anga kuti awanyengerere azisamba m'bafa la m'nyumba, ndinalonjeza kuti iwo akamasamba ine ndizituluka m'nyumba. Apongozi anavomera chifukwa cha ulemu. Ndinali ndi mpata wonena mawu ochepa chabe, kuti amayi asamale, pamaterera. Sindinanene.

Linali Loweruka la mwezi wa June, nkhungu itakuta phiri, kukuzizira kolowa m'mafupa. Akazi anga anabereka mwana kupita kumsika. Apongozi anatenthetsa madzi, ine ndinatenga makope a ana n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapichesi. Posakhalitsa ndinamva chiphokoso, ndowa kugubuduka, ndi chinthu cholemera kuti khu! Phokoso limenelo ndinalizindikira, pakuti ndinali nditalichitapo ndi thupi langa.

Ndinapita pawindo n'kuima chapatali. Ndinafunsa ngati ali bwino.

"Ndili bwino, bambo. Pitirizani ntchito yanu," anayankha motero.

Ndipo ine, inu owerenga, ndinabwerera pansi pa mtengo paja. Ndinakhala pansi, ndinatsegula kope, ndinagwira cholembera chofiira. Mtima unkandiuza kuti mayi aja sanadzuke, koma ndinasankha kukhulupirira bodza lao chifukwa linkandipulumutsa. Iwo ankanama chifukwa cha manyazi a mwambo. Ine ndinkavomera bodzalo chifukwa cha manyazi a kunyada. Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji, koma madzi amene anagonapo anali atazizira pamene ndinamva kubuula.

Ndinathamangira kwa mayi oyandikana nafe kuti adzalowe ndi iwo, koma ndinapeza chitseko chokhoma, onse anali kumaliro. Ndinabwerera ndekha. Nditakankha chitseko cha bafa, apongozi anakuwa, pakuti anagwera kuchitseko komweko ndipo chitsekocho chinkawapana pa fupa lothyoka. Ndinachita kutenga hamala ndi kuzula chitseko chonse ndi mahinjesi ake. Ndinalowa chafutambuyo, bulangete lili m'manja, koma munthu sunganyamule mnzako osamuyang'ana. Ndinawapeza ali gone m'madzi a sopo, thupi lonse likunjenjemera, milomo itayera. Manja awo sanaphimbe thupi. Anaphimba nkhope.

Ndinawafunditsa, ndinawanyamula mpaka pampando. Ndinapeza galimoto, tinawatengera kuchipatala, akazi anga anatipeza komweko akulira. Madokotala anati fupa la m'chiuno lathyoka. Kuzizira kwa pansi paja kunawabweretseranso chibayo, moti masiku ena tinkaona ngati tiwataya. Anagona m'chipatala nthawi yaitali, mbatatesi zao zikuonongeka kumunda.

Tsiku lina nditapita kukawaona, ndinakhala chapatali ngati mwa masiku onse. Azilamu anga awiri, ana awo aamuna, analiponso. Apongozi anayang'ana kukhoma n'kundilankhula.

"Bambo, mundikhululukire. Ndamva kuti ndowa inaswa tailosi lanu, chitseko chanunso chinaonongeka chifukwa cha ine. Miyendo yanga ndi ya kumudzi, sidziwa zinthu zabwino."

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati palibe kanthu amayi, musadandaule. Ndinalandira kupepesa kwa munthu amene ndinamuthyola. Azilamu anga anandithokoza chifukwa cha mtima wabwino, wina anandigwira chanza. Kenaka anatembenukira kwa mayi awo n'kuyamba kuwadzudzula mwachikondi, kuti nanunso amayi muzivomereza, mwakula, chizungulire chayamba. Anati bafa lomwelo mphunzitsi amasambamo tsiku ndi tsiku osagwa, mlongo wathu anasambamo ali ndi pakati osagwa, ndiye vuto ndi ukalamba. Ine ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Atatuluka m'chipatala, ana awo anagwirizana kuti mayi asakhalenso okha. Anawasamutsira m'nyumba ya mlamu wanga wamkulu, munda wa kuphiri anagawana, mbuzi anapereka kwa adzukulu. Apongozi sanakane, ndipo izi ndi zimene zinandiopsa, chifukwa mayi aja kale sakanalola. Anakhulupirira kuti thupi lawataya. Analeka kuyeserera kuyenda monga anawauzira kuchipatala, ankati n'kuvutikiranji, pakuti munthu wogwa yekha poyera ndiye kuti ulendo wayandikira. Akazi anga akabwera kowaona ankandiuza kuti amayi agawa mbewu yao ya nyemba, amayi apereka zitenje zao kwa azipongozi awo aakazi, amayi sakudya.

Ine kunyumba ndinagula mphasa ya labala n'kuyala m'bafa mwakachetechete, ndinati ndi yokongoletsa. Tulo ndinkagona tochepa. Kusukulu ndinkakalipira ana onama.

Ndinaulula tsiku limene akazi anga anabwera ndi khasu la mayi awo, akuti amayi ati tizilimira ife, iwo alibe nalonso ntchito. Ndinaliyang'ana khasulo, mpini wake utasalala ndi manja awo, ndipo ndinalephera kupirira. Ndinawauza zonse, za kugwa kwanga, za kubwerera pansi pa mtengo. Akazi anga anangofunsa kuti, ndiye njinga ija inali bafa? Nditavomera, anatenga mwana n'kukakhala kukhitchini. Kukanakhala bwino akanandilalatira.

Loweruka lotsatira tinapita ku Mphunzi. Apongozi anali pakhonde, atatsamira khoma, ataonda. Ndinakhala pansi pa dothi chapatali, azilamu anga ali pomwepo, ndipo ndinanena ndi pakamwa panga, osatuma munthu. Ndinati amayi, simunagwe chifukwa cha ukalamba. Matailosi aja ndi a pakhoma, ine ndinawaika pansi. Ine mwini ndinagwapo inu musanabwere, ndipo ndinabisa. Mlamu wanga wamng'ono anaimirira, mkulu wake anamugwira mkono.

Apongozi anasisita bondo. Kenaka anafunsa mwana wao, osati ine, kuti kodi ndiye kuti si chizungulire? Akazi anga anati ayi amayi, si chizungulire. Ndinaona misozi ikutsika m'masaya mwa apongozi. Ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wao, anandiyang'ana m'maso.

"Nanga bambo, pamene ndimapepesa paja, munandisiyiranji?"



Anayambiranso kuyeserera kuyenda, koma nthawi inali itapita. Mwendo unauma, chiuno sichipindika. Amafika pakhomo la tchalitchi ndi ndodo, kuphiri sadzakwerakonso. Bafa lija ndinagumula, ndinaitana mmisiri, anayala matailosi okhakhala, pansi anapendeketsa, chitseko anachitembenuzira kunja. La udzu ndinamanganso. Apongozi sanabwerenso kwathu kudzaona zonsezo, ndipo sindingawaitane.

Inu owerenga, sindikukuletsani kugwira ntchito ndi manja anu. Koma mukamagula matailosi funsani kuti a pansi ndi ati, athireni madzi, muwaponde ndi phazi lopanda nsapato. Madzi apatseni njira, chitseko cha bafa chizitsegukira kunja. Musagwetse bafa lakale chifukwa mnzanu waliseka, ndipo munthu wamkulu musamukakamize kusiya kasambidwe kake kuti akuyamikireni. Koposa zonse, chinthu chimene mwapanga chikakupwetekani, nenani tsiku lomwelo, anthu akusekeni. Ine ndinaopa kusekedwa ndi aphunzitsi anzanga. Lero mayi amene ankadyetsa banja langa amadikira mpongozi wao, mkazi wa mlamu wanga, awatenthetsere madzi ndi kuwatsuka kumsana.