Nyimbo ya M'bwinja la Kalabu

Kagalasi kaja kanali kochepa ngati chikhadabo, kumbuyo kwake kuli guluu wouma. Ndinakatola m'fumbi la kalabu yakale ya ku Kafue mwezi wa Okutobala, dzuwa likuotcha mpaka phula la mumsewu kufewa. Ndinali kamtsikana ka giredi faifi.

Chaka chimenecho fakitale inali itachotsa anthu ambiri ntchito, ndipo amalume anga anali m'gulu lomwelo. Ankakhala nafe ku Nangongwe, n'kumakonza mawailesi a anthu pakhonde. Amayi ankagulitsa nsomba zouma za ku Chanyanya pamsika, ndipo Lamlungu ankakhala pabenchi lakutsogolo m'tchalitchi chathu cha Pentekoste. Pakhomo pathu nyimbo zinali za Mulungu zokha, nazonso amayi ankangoziimba chapansipansi potsuka mbale.

Ku kalabuko tinapita chifukwa cha aphunzitsi. Ankatikonzekeretsa kukaimba pa chikondwerero cha ufulu, koma masana makalasi ankadzaza ndi ana ena, ndipo pansi pa mtengo mawu athu ankamezedwa ndi phokoso la malole a mumsewu waukulu. Amalume anawauza aphunzitsiwo kuti akudziwa malo abwino, komanso mlonda wa kumeneko anali mnzawo. Ine anandichenjeza kuti ndisatchule kanthu kwa amayi.

Zilembo za dzina la kalabuyo zinali zitagwa, kungotsala zipsera zake pakhoma. Malata ambiri anapita kalekale. M'katimo munkanunkha mileme ndi mbuzi, ndipo pamene kale ankagulitsirapo mowa panali patamera papaya, mutu wake utatulukira padenga. Koma povinira panali posalalabe, simenti yofiira yopukutidwa ndi nsapato za anthu, ndipo siteji inali chiimire.

Amalume, amene kunyumba ankayenda chowerama, m'bwinjamo anawongoka. Anatisonyeza pamene pankakhala ng'oma, ndi panja pamene a ku Lusaka ndi ku Mazabuka ankaimika magalimoto mwezi ukatha. Kagalasi kanga anati kanachoka pa chimpira cha timagalasi chimene chinkazungulira kudenga n'kumamwaza kuwala pankhope za ovina. Kenako anaomba m'manja kamodzi, makoma n'kuwayankha.

“Mwamvela?” anatero. “Iyi nyumba ikali na matu.”

Lero, poti ndine kholo, ndimaona kuti kunali kuika ana pangozi: mitanda ya denga inali itadyedwa ndi chiswe. Koma pa nthawiyo tinkangomva kuti mawu athu akula.

Amayi anapeza kagalasi kaja m'thumba la yunifolomu pochapa. Anakayang'ana nthawi yaitali, n'kukaika pawindo.

Mawa lake masana, tili pakati pa nyimbo, ndinawaona ataima pakhomo la kalabu, chitenje chamsika chili m'chiuno, kamkwapulo ka mtengo m'manja. Ndinasiya kuimba, anzanganso anasiya mmodzimmodzi. Aphunzitsi anayamba kupepesa. Amalume anaima pakati pa ine ndi amayi, n'kuvomera kuti anatibweretsa ndi iwo.

“Ba sisi, ndine ninabaleta bana. Osamumenya.”

Amayi sanawayang'ane n'komwe. Maso awo anali pa siteji. Anauza aphunzitsi kuti tiyambirenso. Tinayamba, ndipo tisanafike patali amayi anatidula.

“Muimba monga muthamangila minibasi,” anatero. Anagwira pamimba pawo. “Mau yachokele apa.”

Anataya kamkwapulo kaja, anavula mapatapata, n'kukwera pa siteji. Sanaime pakati, anasunthira chakumanzere pang'ono, ngati munthu wodziwa pamene pali malo ake. Ndiye anaimba mzere womwewo umene ife tinkauphwanya.

Sindinawamveponso mawu otero. Anayambira pansi, okhuthala, n'kukwera mosapupuluma mpaka anadzaza nyumba yopanda dengayo. Azimayi awiri amene ankadutsa ndi mitolo ya nkhuni anatula pakhomo n'kulowa. Mlonda anavula chipewa, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Babwelela.” Amalume anatembenukira kukhoma, akudzipukuta kumaso ndi kolala ya shati.

Pobwerera kunyumba amayi anali patsogolo. Amalume ndi amene anandinong'oneza kuti ndisanabadwe amayi ankaimba ndi bandi m'kalabu ija, amalumewo akunyamula masipika, ndipo anthu sankalola kupita kwawo asanawamve amayi akuimba. Ndinayang'ana msana wa amayi, zidendene zawo zong'ambika, ndipo ndinkalakalaka tauni yonse itatuluka kudzaona kuti ndikuyenda pambuyo pa ndani.

Kuyambira tsikulo amayi ankabwera masana alionse, nsomba atasiyira mnzawo wa tebulo loyandikana ndi lawo. Anatichotsa pansi pa mitanda yowola n'kutiimika pamene denga linali litachokeratu. Anali ovuta kuposa aphunzitsi, ndipo ine ndi amene ankandikalipira koposa, koma sindinkadandaula. Kusukulu atsikana akuluakulu amene sankandidziwa dzina anayamba kundipatsa malo pamzere wa pampopi. Pa chikondwererocho sitinapambane; inapambana sukulu ina yokhala ndi ng'oma zatsopano. Komabe titatsika, azibambo achikulire ovala maovolosi akale a kufakitale anabwera kudzagwira amayi chanza ndi manja awiri.

Nkhani inali itafika kale kutchalitchi. Lamlungu loyamba amayi atakwera pa siteji ija, anandigwira dzanja n'kukakhala nane pabenchi lomalizira, pafupi ndi khomo. Azimayi anzawo ankatembenuka kutiyang'ana. Amayi anakhala chowongoka, Baibulo pamiyendo. Nditawafunsa chifukwa chake, anangoti kumbuyo kuno kuli kamphepo. Tinakhala pabenchi limenelo mpaka mvula yoyamba, ndipo ine ndinkasangalala, poti ndinkatha kuona njinga zodutsa panja.

Sindinkadziwa kuti benchi lomalizira linali la anthu oikidwa pachilango. Sindinkadziwanso kuti akuluakulu a mpingo anali atawauza kuti akangosiya kupita m'bwinjamo abwerera kutsogolo, ndipo kuti Lolemba lililonse, amayi akamaphimba nsomba zawo ndi saka kuti adzatiphunzitse, ankakhala akuwayankha akuluakuluwo.