M'mimba mopweteka basi ya sukulu ikamayandikira

Lachiwiri lapitali ndinapeza mwana wa eni nyumba imene ndimagwirako ntchito atakhala pansi kuseri kwa makina ochapira zovala, chikwama cha mabuku chili kumsana, nsapato atavala kale.

Nyumbayo ili ku Rockville, kuno kutsidya kwa nyanja, ndi ya banja lina lochokera ku China. Ndimasamalira agogo aamuna a pakhomopo, amene sitiroko inawafoola mbali imodzi: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwayendetsako pakhonde. Mwana wawo, Mayi Chen, amagwira ntchito ku labotale ndipo amalawirira. Mdzukulu wa agogowo ndi Lili, mtsikana wa kusekondale, kwathu tikanati ali Fomu 3. Anabwera kuno ndi mayi ake ali wamkulu ndithu, sukulu atayamba kale kwawo.

Lili ndi mwana uja mumamutchula mukamakalipira anu. Masamu amakhoza, piyano amaimba, akakumana nawe pakhomo amapereka moni wa ulemu. Basi yachikasu ya sukulu inali itadutsa kale, ndiye ndinadabwa kumupeza pamenepo, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu.

"Anti, m'mimba," anatero.

Ine mwana wa ku Ntcheu ndinachita zimene mayi aliyense wa kwathu amachita: kuseri kwa dzanja pachipumi pake. Kufufuza malungo! Ku Rockville, kunja kukuzizira chonchi, udzudzu wake uti? Thupi linali lozizira bwinobwino. Ndinayamba kutchula tiyi wa jinja, panado, mwina wadya china chake dzulo. Mwana anangondiyang'ana, kenako misozi mbwee.

"Si m'mimba ayi, Anti. Ndimangonena choncho chifukwa m'mimba ndi momwe amayi amamva."

Ndinakhala pansi pomwepo, mawondo anga okalambawa akudandaula. Anandiuza kuti m'mawa uliwonse basi ikamayandikira mtima umathamanga, amaona ngati afa. Tulo sabwera. Piyano imene ankaikonda ikumunyansa. Mayeso akakhoza samva kukoma kulikonse, amangoganiza za ena akubwerawo. Ndipo ananena mawu amene anandiopsa: kuti nthawi zina amalakalaka atangogona osadzukanso.

Kenako anandigwira dzanja. "Musawauze amayi, chonde."

Apa ndiye panali nkhani. Inu amene mumagwira ntchito m'nyumba za eni mukudziwa lamulo lathu losalembedwa: waona, sunaone. Unabwerera agogo, samalira agogo. Ukalowerera za m'banja, mawa lake ofesi imene inakutumiza imakuimbira foni kuti banja lija lapempha munthu wina. Koma zimene ananena mwanayu sizosunga. Ndinamuuza mosabisa kuti chinsinsi ichi sindichinyamula, koma sindikanena iye kulibe, ndipo sindimusiya yekha. Anandikwiyira. Tsiku lonse anakhala pabalaza ndi agogo ake osandilankhula, ine diso lili pa iye.

Mayi Chen ataweruka anamva kuti mwana sanapite kusukulu. Sanakalipe. Anavula jekete, natenga mpeni ndi mapeyala, nayamba kusenda. Chiyambireni ntchito pakhomopo ndakhala ndikuona mwambo umenewu. Sindinawamvepo akuuza mwana wawo kuti ndimakukonda, koma madzulo aliwonse amasenda zipatso, kuzidula tizidutswa tofanana, kuziika pambale, n'kukazisiya mwakachetechete pambali pa mabuku. Chikondi chawo chimayenda pambale imeneyo. Musaseke, chathu chimayenda pa funso lakuti "wadya?"

Nkhani yolemera kwathu sitinena chiimirire. Ndinakoka kampando, ndinakhala, ndinayamba kuzungulira monga timachitira: kuthokoza mmene amandisungira, kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mayiwo anasiya kusenda, nkhope itagwa.

"Anti Eluby, mukusiya ntchito?"

Ha! Ulemu wa ku Ntcheu unatsala pang'ono kundipezera wondilowa m'malo. Ndinasiya kuzungulira. Ndinamuitana Lili, anabwera naima pakhomo la khitchini mutu uli pansi, ndipo ndinanena zonse monga anandiuzira, mpaka mawu aja a kusadzuka.

Mayi Chen anayambanso kusenda, mofulumira tsopano. Anati mwana watopa chabe. Anati kwawo munthu amaphunzitsidwa kudya zowawa, kuti iwo ali pasukulu ankalowa m'kalasi kusanache n'kutuluka kutada, onse maso ali pa mayeso amodzi aakulu amene amagamula tsogolo la munthu. Anati ana a kuno ali pabwino, sadziwa n'komwe. Anati msuweni wa Lili kwawoko...

Anaima pomwepo. Mpeni unakhala pa peyala osayenda.

Atalankhulanso, mawu anali ena. Msuweniyo, mwana wa mchemwali wawo, anali woyamba m'kalasi. Chaka chatha anasiya kutuluka m'chipinda. Sukulu sapitanso. Achibale ndi oyandikana nawo amauzidwa kuti akudwala m'mimba. Ngakhale Lili ankadziwa choncho. Mayiwo anati chimvereni nkhaniyo akhala ndi mantha, ndipo mantha amenewo ndi amene anawachititsa kumuwonjezera Lili makalasi a Loweruka, poganiza kuti mwana wotanganidwa sapeza mpata woganiza zoipa.

Ndinawamvera chisoni mayi amene uja, chisoni chenicheni. Si mayi wankhanza. Anasiya kwawo, ananyamula bambo wodwala, amagwira ntchito ngati bulu, zonsezo chifukwa cha mwana mmodzi yekhayu. Mwanayo akudziwa zimenezo, ndipo ndi zomwe zikumulemera. Ungawauze bwanji mayi amene anataya zonse chifukwa cha iwe kuti sukuona kukoma kwa moyo?

Tsono tisanayambe kupukusa mitu kuti anzathu a ku China amapanikiza ana, tiyeni tidziyang'ane.

Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ku Greenbelt kumene ndimakhala, tikamamwa tiyi, timakamba chiyani? Wanga walowa kalasi ya ana anzeru. Wanga adzakhala dokotala. Wanga wapeza A m'maphunziro onse kupatula limodzi, ndipo limodzilo tamukhalira pansi. Ana aima pambali, akumva Chichewa chonsecho ngakhale amayankha m'Chingerezi. Tikafika kunyumba nyimbo yake ndi imodzi: ine ndimasintha anthu matewera mashifiti awiri kuti iwe uphunzire, taona ana a ku China, iwo sadandaula. Nanga tinawafunsapo ana a ku Chinawo?

Iwo amati idya zowawa, ife timati limba mtima. Iwo amati m'mimba, ife timati mutu, kapena thupi kuphwanya. Mawu akuti mwana ali ndi matenda a nkhawa ndi kukhumudwa amatikanika pakamwa tonse. Ukawatchula wina amati ndi matenda a azungu, wina amati wakhuta, kwathu ana amapita kusukulu opanda nsapato ndipo sadwala zimenezo. Mukutsimikiza? Kapena tinkangowatchula mayina ena, wamwano, waulesi, wolodzedwa?

Mnzanga wina wa ku Lusaka, Amake Dalitso, nditamufotokozera osatchula mayina anati, "Iyo ni mizimu chabe, mwana afunika mapemphero." Kupemphera ine ndimapemphera, ndipo Lili ndamupempherera sabata yonseyi. Koma Amake Dalitso omwewo BP ikakwera amapemphera uku akumwa mapilitsi, ndipo palibe amawanena kuti chikhulupiriro chachepa. Matenda a m'maganizo okha ndiye tiwaletse dokotala?

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambiwu ndi wabwino kwa ife akuluakulu. Mwana amene waphunzitsidwa kuti kudandaula ndi kusayamika satsekula chitseko. Amakhala chete, amakhoza mayeso, amapereka moni wa ulemu, ndipo ife timamuombera m'manja.

Madzulo aja Mayi Chen anandifunsa funso limodzi lomwe linaonetsa pamene panagona mantha awo. Anati akamutengera kwa dokotala wa zimenezi, kodi sizidzalembedwa penapake, mayunivesite n'kudzamukana? Ndinawauza kuti malamulo ake sindiwadziwa onse, akafunse dokotala yemweyo. Chimene ndikudziwa n'chakuti yunivesite imalandira mwana wamoyo. Ine ndinaganiza kuti basi, ntchito yatha. Kenako anatenga foni.

Anapita naye kwa dokotala mawa lake lomwe, ndipo dokotalayo anawatumiza kwa mlangizi wa za m'maganizo. Makalasi a Loweruka aima kaye. Sindikunamizani kuti zatheka. Lili sanayambe kukwera basi, mayi ake ndi amene akumuperekeza, ndipo tsiku lina anabwerera pageti la sukulu. Ine akundilankhula pang'onopang'ono. Dzulo anandibweretsera thaulo la agogo ake ndisanamutume, ndiye ndikuona ngati mkwiyo ukutsika.

Lachisanu ndikuweruka, Mayi Chen ananditsatira mpaka pagalimoto, osavala jekete, kunja kukuzizira. Ndinaganiza kuti akufuna kunena za mankhwala a agogo. Anaima, manja atapinda pachifuwa, maso ali ofiira.

"Anti Eluby, ndine mayi ake. Chipinda changa chili moyang'anana ndi chake. Chifukwa chiyani anauza inu, osati ine?"

Ndinangowagwira phewa, tonse tikulira pamalo oimika magalimoto ngati ana. Zoona zake n'zakuti Lili anauza ine chifukwa ine sindinasiye dziko langa chifukwa cha iye, ndipo sakanandikhumudwitsa.

Ndinayendetsa galimoto mpaka ku Greenbelt ndikuganiza za ana athu, amene timawakumbutsa tsiku ndi tsiku zimene tinataya kuti iwo akhale kuno. Wanu zikadzamufika pakhosi, adzabwera kwa inu, kapena adzadikira wantchito wachilendo kuti amupeze mwangozi?