Ndachotseratu Mipando

Mwamuna wanga atamwalira, abale ake anafika kunyumba kwathu ku Woodlands thupi lisanazizire n'komwe. Mwambo wa maliro m'tauni muno aliyense amaudziwa: mipando ya pabalaza imatuluka kuti amayi apeze poyala zitenje, abambo n'kukhala panja m'tenti. Ine anandikhazika pakona pamatiresi nditafunda kumutu. Ndinkangomva miyendo ya tebulo ikukhula chitseko.

Mkulu wake wa malemu, alamu anga, anagwada pafupi nane n'kunong'ona kuti katundu akandisungira kwawo ku Chelstone poopa mvula. Unali mwezi wa Julayi, mvula yake iti? Koma ndinathokoza. Mpaka lero mtima umandiwira ndikakumbukira kuti ndinathokoza.

Titaika maliro, mipando sinabwerenso. Firiji ndi bedi zinapita ulendo womwewo. Nditafunsa, anati za m'bale wawo ndi za pamtundu. Mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi zinayi panthawiyo, ankalemba za kusukulu atagona chafufumimba pasimenti. Tinasamukira m'kanyumba ka lendi ku Kabwata, ndipo ndinayambiranso ndi makina osokera, kugula kamodzikamodzi mpaka pabalaza panaonekanso ngati pa munthu.

Chaka chatha dokotala anandiuza kuti chotupa cha m'mimba chafalikira, mankhwala angochepetsa ululu basi. Ndinalira m'minibasi njira yonse. Imfa ndikuiopa, sindinama. Koma chondipweteka kwambiri chinabwera sabata yotsatira. Alamu aja anatulukira ndi botolo la juwisi, patatha zaka khumi ndi zisanu osaponda pakhomo panga. Mutu wayera, koma maso ndi omwe aja. Akundipempherera, diso limodzi linali pa firiji.

"Ba mulamu, osadandaula," anatero potuluka. "Ise tilipo, vonse tizasamala."

Mawa lake ndinaitana mwana wanga, yemwe tsopano ali pabanja ku Lilayi, ndi kumuuza kuti abwere ndi lole atenge zonse ndikadali ndi maso. Anakana kwamtuwagalu. Kutchalitchi kwawo amaphunzitsa kuti kugawa katundu uli moyo n'kuitana imfa, choncho anandigwira pamutu n'kuyamba kudzudzula mzimu wa manda. Ndinachotsa dzanja lakelo. Ndinamuuza kuti imfa sinadikire kuitanidwa pamene inatenga bambo ake, ndipo sindifuna kuti iye akhale pakona atafunda kumutu, akuthokoza mbala ngati ine. Anakwiya, mwezi wathunthu osandiimbira foni. Unali mwezi wautali kwa munthu amene akuwerenga miyezi.

Kenako lole inabwera. Ndinaima pakhomo ndekha n'kumaloza: mipando, firiji, makina osokera. Ndinatsala ndi matiresi, mbaula ndi mbale ziwiri. Mwana wanga atalowa pabalaza anagwira pakamwa, nati pakuoneka ngati pamaliro. Ndinamuyankha kuti sanalakwe, kungoti ulendo uno ndikudziwa kumene mipando yapita. Tinakhala pamatiresipo, iye akulira, ine ndikumusisita kumsana.

Alamu anabweranso Loweruka lapitali, ndi juwisi wina. Anaima pakati pa balaza akuzungulira ngati nkhuku yosowa poikira dzira. Ndinawalozera pasimenti kuti akhale.

"Nanga katundu ili kuti, ba mulamu?"

"Nasungisa," ndinatero. "Kuyopa mvula."