Nyimbo zimene adada sanazimve

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene kompyuta inalowa m'nyumba mwathu ku Kawale. Inali yakale, ya chibokosi chachikulu chotuwa, imene bambo anga anapatsidwa kuntchito atagula zatsopano. Ife a kumpoto bambo timati adada, ndipo adadawo anaika lamulo tsiku lomwelo: mwana wogwira kompyuta adzaona mbama. Amama anailukira kansalu kophimba, n'kuikhazika pakona pabalaza ndi timasipika take tiwiri.

Adada ankaphunzitsa kwaya kumpingo kwathu, ndipo nyimbo zambiri ankapeka okha. Chaka chimenecho anadwala. Anaonda mpaka jekete lawo linkawagwa m'mapewa, ndipo pamene anzawo ankapita kukajambula nyimbozo, iwo anali chigonere. Aliyense wobwera kudzawaona ankamufunsa chinthu chimodzi: "Sidi ija yatuluka?"

Lachisanu lina, nthawi ya holide, amama anandituma kukolopa pabalaza chifukwa a kwaya ankabwera masana. Ine ndi changu changacho ndinafuna kuti pawale mpaka pakona. Nditakoka tebulo, mawaya atatu akumbuyo kwa kompyuta anazuka. Mayo ine! Ndinawabwezera mofulumira, uliwonse pomwe walowa, n'kuphimba kansalu ngati palibe chachitika.

Masana anafikadi atcheya a kwaya ndi amayi awiri, atanyamula sidi. Tinawadzutsa adada, kuwakhazika pasofa ndi mapilo. Nkhope yawo inawala tsiku limenelo, anapempha n'chipeso chomwe. Wailesi yathu inali ya makaseti basi, choncho amalume anga a Chawanangwa, amene ankadzitama kuti makina amawadziwa, anaika sidiyo mu kompyuta. Pasikirini kamzere kanayamba kuyenda kusonyeza kuti nyimbo ikuimba, koma masipika anali zii. Amalume anakweza voliyumu, anazimitsa n'kuyatsanso, mpaka anawomba masipikawo ndi chikhatho. Zii.

"Iwe Tiwonge, unagwirako kumbuyoku?" anandifunsa.

"Ayi," ndinatero, maso ali pansi.

"Ndiye basi zapsa. Ndi magetsi omangozimazimawa."

Sanasuzumirenso kumbuyo, poti ine ndinali nditakana. Atcheya anati tisadandaule, Lamulungu akaweruka adzabweretsa wailesi ya kutchalitchi. Adada anatenga chikuto cha sidiyo, n'kumawerenga mayina a nyimbo zawo akulondola ndi chala. Kenako anati, "Palibe kanthu, ndidikira."

Loweruka lonse ndinkangozungulirazungulira pabalaza. Mumtima ndinkadziwa ndithu kuti vuto linali mawaya aja, koma adada anagona pasofa pomwepo tsiku lonse, ndipo sindikanatha kukoka tebulo iwo osaona. Kawiri konse ndinaima pafupi nawo kuti ndiulule. Ulendo wachiwiri anatsegula maso n'kufunsa kuti, "Ukufuna chiyani, mwanangu?" Ine ndinati ndimafuna kudziwa ngati amwe madzi.

Lamulungu m'mawa, mabelu asanalire, adada anayamba kubanika. Anawatengera kuchipatala pa galimoto ya aneba, ndipo dzuwa lisanalowe uthenga unafika kuti atisiya.

Monga zimakhalira pamaliro, katundu yense wa pabalaza anatulutsidwa kuti amayi apeze pokhala. Kompyuta inakasungidwa kwa a Jafali, aneba athu ochokera ku Mangochi, amene ankakonza mafoni ndi mawailesi pamsika. Ife tinaperekeza thupi ku Rumphi, ndipo tinakhalako masabata awiri.

Titabwerera, a Jafali anabweretsa kompyutayo pawilibala. Anagwada pakona, n'kulumikiza mawaya mosathamanga, uliwonse kubowo la mtundu wake. Atayatsa anati angoyesako. Sidi ija inali momwemo. Mwadzidzidzi nyumba yonse inadzaza ndi mawu a kwaya, nyimbo imene adada ankaiimba chapansipansi akamameta ndevu. Amama anatuluka kukhitchini manja ali ndi thovu, n'kukhala pansi pakhomo pomwepo.

"A Jafali, mwaikonza?"

"Ayi mayi, sinawonongeke iyi. Pozula tsiku lija ndinapeza waya wa masipika uli m'bowo la pinki, la maikolofoni. Malo ake ndi lobiriwirali. Kunali kungosuntha basi."

Kungosuntha basi! Mabowo awiriwo anali oyandikana, pakati pake sipakanalowa n'chala. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda, mpaka a Jafali anadabwa n'kutsanzika msangamsanga. Pamenepo ndinawauza amama zonse, za kukolopa, za mawaya, za bodza lija. Ndinkayembekezera kuti andimenya, ndipo kunena zoona ndinkafuna andimenye. Koma iwo sanandikhudze n'komwe.

"Ukananena, mwanawe," anatero. "Adada ako anali ndi mphamvu zokumenya?"

Sanaitchulenso nkhaniyi mpaka lero, ndipo amalume sanauzidwe.

Tsopano ndili ndi ana anga atatu ku Area 25, ndipo m'nyumba mwanga wothyola chinthu akaulula yekha sakwapulidwa. Anzanga amati ndikuwalekerera ana. Aziti choncho. Ine ndinaona kuti mwana wamantha amasunga chinthu chimene akuluakulu akuchisowa, iwo ali kalikiriki kuchifuna kwina. Ndinkaopa mbama imodzi, ya munthu amene kapu ya tiyi ankachita kumugwirira. Nyimbo zonse za pa sidi ija ndimazidziwa pamtima, ndazimvera kosawerengeka, koma mwiniwake sanamveko ngakhale imodzi.