Zimene Tadala anauza a Juwawo pa dimba la mpiru

Ndiulule pompano, poti bambo a Tadala akagwira nyuzipepala amathamangira tsamba la mpira basi. Mawu oipa amene mwana wathu analankhula Lachiwiri sanawatole ku sukulu ya mkaka. Anawatola m'nyumba mwathu, pambali pa ine mayi ake.

Zinayamba Loweruka masana. Ndinapita kwa mayi wina wokopera mafilimu pamsika wa Bangwe kuti andiikire ya chikondi mu fulashi, ndizionera uku ndikusita. Anandiikira ina. Ya mdala wina wa kunja amene pa unyamata wake anali mkulu wa asilikali, ankatsekera anthu m'nyumba n'kuyatsa moto. Nkhondo itatha anathawira dziko lina, n'kusintha dzina, n'kukhala wodzala maluwa wokondedwa ndi aliyense.

Mulibe mizukwa yodumpha m'filimumo. Kungoti m'mawa uliwonse mdalayo amapeza nsapato za ana zitandandalikidwa pakhomo pake, ndipo tsiku lililonse zimawonjezekera. Iye amangozikankha ndi phazi n'kupita kukathirira.

Ndikanazimitsa. Ndili ndi satifiketi ya kukoleji ine, ndinaphunzirako ngakhale za kakulidwe ka ana. Koma kolala ya shati ya amuna anga inapserera, maso anga ali pa TV.

Tadala, wa zaka zinayi, anali pamkeka akubereka chidole chake. Ndinati sakumva. Ndinaiwala kuti filimuyi ndi zomasulira zija, zimene mwamuna wina amakuwa m'Chichewa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mdala uja akangonyamula ndowa, womasulira ankati, "Taonani madala awa! Akuthirira bwinobwino ngati sanaphe anthu!"

Tsopano kuseri kwa khoma lathu kumakhala a Juwawo, bambo achikulire amene anabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ya kwawo, ine ndisanabadwe. Ndi amene amakatenga Tadala kusukulu n'kukhala naye mpaka ine nditaweruka kuntchito ku Makata. Popanda iwo, ntchito ndikanasiya kale. Ali ndi kadimba ka mpiru kuseri kwa nyumba.

Lachiwiri ndikufika kumene, amuna anga ali pakhonde, alandilodi akuanula zovala, a Juwawo akuthirira. Tadala anaika manja m'chiuno, n'kukuwa ndi mawu enieni a womasulira uja:

"Taonani madala awa! Akuthirira bwinobwino ngati sanaphe anthu!"

Madzi anasiya kutuluka m'ndowa. Alandilodi anaima ndi shiti m'manja.

"Iwe! Wazimva kuti zimenezo?" anatero bambo ake.

Tadala anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana phiri.

"Masukulu a masiku anowa," ndinatero.

Eya, ndinawagulitsa aphunzitsi osalakwa. Ndipo amuna anga alumbira kuti Lolemba akukawaona.

Musaseke kwambiri, amayi anzanga. Ndani wa inu sanaphimbepo mwana m'maso anthu akamapsompsonana pa TV, koma akamadulana makosi n'kungoti, "Sendera uko, ukunditchinga"? Timaopa chikondi kuposa mfuti. Timaganiza kuti mwana akakhala chete ndiye kuti makutu wawasiya panja.

Koma pali china choipa kuposa chimenechi. Zimene Tadala anakuwa, ine ndinali nditaziganiza kale mumtima. Lamulungu ku mphakati, a Juwawo akutsogolera korona, ndinkangoyang'ana zala zawo. Ndinayamba kuwerenga zaka: nkhondo ija anali ndi zaka zingati? Bwanji sapita kwawo? Bwanji mwana akavula nsapato pakhomo pawo amazilowetsa msangamsanga? Munthu wandilerera mwana zaka zitatu, filimu ya maola awiri n'kundisandutsa wapolisi.

Kutauni kuno timatero. Munthu timamutcha agogo, timamubwereka machesi, timamusiyira kiyi ndi mwana yemwe, osamufunsapo ngakhale tsiku limodzi kuti anasiya chiyani kumene anachokera.

Lachitatu ndinapita kukapepesa. Ndinagwada m'mphepete mwa dimba n'kuyamba za aphunzitsi zija. Sanandilole kumaliza.

"Mayi a Tadala, khoma lathuli ndi la njerwa imodzi. Filimuyo ndinaonera nanu limodzi, ine ndi makutu."

Ndinalakalaka nditalowa pansi pa mpiru.

"Koma ndinapita kutchalitchi isanathe," anapitiriza. "Anatha bwanji mkulu ujayo?"

"Anapenga, agogo. Nsapato zinadzaza nyumba yonse."

A Juwawo anaseka mpaka kutsokomola.

"Bodza lake ndi limenelo. Anthu aja sapenga, mwanawe. Mmodzi wa asilikali amene anabwera kumudzi kwathu ndinamuona ku Limbe zaka zapitazo, wonenepa bwino, akusankha tomato. Amene timaona nsapato ndi ife."

Anatola ndowa yawo.

"Mawa mwana abwere, ndipo musamumenye, ali ndi mawu abwino. Koma aphunzitsi awo muwapulumutse."

Sindinafunse kuti nsapatozo zinali za ndani. Mpaka pano sindikudziwa ngati unali ulemu kapena mantha.

Tadala anabwerera kwa agogo ake Lachinayi, ndipo tsopano ndi amene amanyamula kandowa kakang'ono. Fulashi ija ndinaiponya m'chimbudzi. Shati yopserera ili pansi pa sutikesi.

Atsala ndi aphunzitsi. A Juwawo anati ndiwapulumutse, ndipo ine ndaulula zonse, dziko lonse lawerenga. Kungoti ndaulula pa tsamba limene munthu mmodzi wofunika kumva salitsegula. Lolemba ndi mkucha. Ndiye ndiuzeni, ndachita bwino, kapena ndimupindire nyuzipepalayi pa tsamba lino n'kumuikira pambali pa tiyi?