Jekete la Mng'ono Wanga

Anagogoda Lachiwiri masana, mwezi wa Seputembala. Anali amuna awiri ovala wamba, ndipo malankhulidwe awo sanali a kuno ku Mangochi.

"Tikufuna wophunzira uja, wa za nsomba."

Ankanena mng'ono wanga, amene ndinamulera bambo atamwalira. Anali atamaliza digiri yoyamba, ndipo anapeza malo okachita yachiwiri mumzinda wina ku Ulaya. Ndege inali ya Loweruka. Mlandu wake unali wakuti pamsonkhano wina ananena kuti chambo chikuchepa m'nyanja. Masiku amenewo palibe chinkaloledwa kuchepa m'dziko muno.

Tsikulo anali ku Nkope kokatsanzika amayi. Jekete lake latsopano, logulira ulendowo, linali pampando. Ndinalivala.

"Ndine," ndinatero.

Mkazi wanga anandiyang'ana kamodzi. Amunawo asanalize galimoto yawo, ndinamuona akumanga chitenje, kulunjika msewu wa ku Nkope.

Ine ndinalekezera Fomu 4, ndipo ndinali kalaliki m'sitolo ya maukonde. Tsopano ndinafunika kukhala munthu wa digiri kwa masiku anayi. Akamakhulupirira kuti amugwira, sakanatumiza dzina lake kubwalo la ndege.

Lachitatu, kupolisi, anandikhazika pansi, pasimenti.

"Ndiye iwe ukudziwa kuposa boma? Unachiwerenga chambo chonse?"

Ndinayankha zimene bambo ankatiuza akusoka ukonde: kuti chambo chimalerera ana m'kamwa, ndipo khoka la maso ang'onoang'ono likakokedwa m'madzi osaya nthawi yoswana, make amalavula anawo n'kufera pamchenga. Apo ndi apo ndinkaponyamo Chingerezi.

"Tamvani, akulu! Zaka zonsezo pasukulu, kuphunzira za m'kamwa mwa nsomba!" anaseka wofunsayo.

"Lembani," anatero mnzake. "Oopsa ake ndi amenewa."

Lachinayi sanafunse mafunso. Kuyambira tsiku limenelo khutu langa lakumanzere silimva.

Mlonda wina anali mwana wa kwathu, ndipo ankagula mbedza m'sitolo mwathu. Pobweretsa madzi ananong'ona, "Achimwene, masiku ano mukugulitsanso madigiri?" Anatseka chitseko, ndipo sanauze munthu.

Loweruka masana ndinamva kuitana kwa swala kumzikiti wa m'tauni. Ndinapemphera chokhala, poti kugwada kunali kovuta.

Lolemba kunabwera mkulu wina wochokera kulikulu, amene anamuonapo mng'ono wanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu si iyeyo. Iwe, mwini wake ali kuti?"

"Ali m'kalasi, bwana."

Yankho limenelo linandikhazika m'ndende zaka ziwiri ndi miyezi itatu, popanda kuona khoti. Za m'menemo ndinena chimodzi: nyemba zake zinali zofumbwa, koma ndinkadya ngati munthu amene ntchito yake yatheka.

Ananditulutsa Lachisanu m'mawa, mvula itayamba. Anandibwezera jekete lija, njenjete zitadya kolala yonse.

"Pita. Sunaone kanthu, sunamve kanthu."

"Khutu limeneli silimvadi, bwana," ndinatero.

Kunyumba mkazi wanga anatulutsa makalata m'chitini. Ankabwera ndi wamalonda wina wodzera kumalire a dziko, ku Chiponde. Yoyamba inali yaifupi: "Achimwene, ndafika. Kuno akuti posachedwa dzuwa lizilowa 4 koloko, mabasi ake ndi osanjikizana, ndipo ndinasochera kawiri ndisanapeze sukulu. Kukuzizira, ndipo jekete munatenga ndinu. Sindigula lina mpaka mutatuluka." Yomaliza inali ndi chithunzi: atavala mkanjo wa omaliza maphunziro, m'kati mwake juzi zitatu.

Anthu amandifunsa kuti ufulu wanga unayamba liti. Amayesa ndinena Lachisanu lija. Ayi. Unayamba Loweruka, ndili m'chitokosi, pamene ndege imene sindinaione inanyamuka ndi mwana wa msodzi.

Madzulo a tsiku limene ndinatuluka ndinamuyankha kalata: "Ndatuluka. Kagule jekete. Ili sindibweza, ndi digiri yanga."